Tokyo, Osaka kapena Kyoto: mukakhale kuti mukapita ku Japan ndi ana ang'onoang'ono?

Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya ku Lilongwe, Lusaka, Harare kapena Johannesburg. Mwana amene kunyumba amagona 8 koloko madzulo, akafika ku Tokyo tulo timamupeza cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndipo 9 koloko m'mawa, inu mutavala kale nsapato, iye amakhala ali m'tulo tofa nato. Pamapita masiku angapo thupi lisanazolowere. Ndayambira pamenepa chifukwa mapulani ambiri a tchuthi cha ku Japan amalembedwa ngati banja lonse lidzatsika ndege lili ndi mphamvu zake zonse: masiku atatu ku Tokyo, awiri ku Kyoto, limodzi ku Osaka, n'kuthamangiranso ku Hiroshima. Anthu akuluakulu awiri, aliyense ndi kachikwama kake, akhoza kukwanitsa. Koma muli ndi wa zaka ziwiri kumsana, wa zaka zisanu kudzanja, masutikesi awiri ndi thumba la matewera, ulendo woterowo ndi uja wa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ine ndimati sankhani mzinda umodzi, mumasule katundu kamodzi, malo enawo muzikawaona masana n'kubwerera kukagona pabedi lomwelo. Chotsala n'kusankha mzindawo.

Musanatero, kumbukirani kuti pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa imafunika viza, ndipo mwana aliyense, ngakhale wakhanda, amafunika pasipoti ndi viza yakeyake. Kwa okhala ku Malawi, ofesi ya kazembe wa Japan ili ku Lilongwe. Ndege ya Ethiopian Airlines yochokera ku Addis Ababa imatera ku Narita, mbali ya Tokyo, itaima kaye ku Incheon m'dziko la South Korea. Odutsira ku Dubai kapena ku Doha akhoza kutera ku Tokyo kapena ku Kansai, bwalo la ndege la Osaka. Kumene ndege yanu ikutera kukhoza kukusankhirani mzinda musanaganize n'komwe.

Tokyo: zonse zilipo, koma n'zotalikirana

Palibe mzinda wa ku Japan umene ungapose Tokyo pa kuchuluka kwa zinthu zosangalatsa ana. Ku Ueno kokha mukhoza kuthako masiku awiri. M'paki imodzimodziyo muli malo osungirako nyama a Ueno Zoo, akale kwambiri m'dzikolo, amene anatsegulidwa mu 1882, komanso National Museum of Nature and Science, kumene kuli mafupa a madinosa ndi chifaniziro cha namgumi chachikulu ngati weniweni panja pa khomo. Malo awiriwa amatseka Lolemba, monga amachitira malo ambiri a boma oterewa, ndiye Lolemba likhale tsiku lochapa ndi kupuma. Pafupi ndi Asakusa pali nsanja ya Tokyo Skytree, yotalika mamita 634. Ku Odaiba mumapita pa sitima ya Yurikamome imene ilibe woyendetsa, ndipo mwana akapeza mpando wa kutsogolo kwenikweni amadziona ngati ndiye dalaivala powoloka mlatho wa Rainbow Bridge. Kwa ana ambiri kaulendo ka sitimako kamaposa malo amene mukupitawo.

Palinso Disney. Tokyo Disneyland, imene inatsegulidwa mu 1983, kwenikweni ili ku Urayasu m'chigawo cha Chiba, koma kuchokera pa Tokyo Station ndi mphindi pafupifupi 15 pa sitima. Ana a zaka zitatu kutsika m'munsi amalowa ulere, ndipo zokwera zambiri za kumeneko sizifuna kuti mwana akhale wamtali. Ngati ana anu akhala akulota za Disney, nkhani yathera pomwepa, khalani ku Tokyo.

Vuto la Tokyo ndi kukula kwake. Mumakhala anthu pafupifupi 14 miliyoni, ndipo malo abwinowa ali kumadzulo, kum'mawa, kumpoto, moti tsiku lililonse mumataya ola limodzi kapena awiri pansi pa nthaka. Masitima ake ndi aukhondo ndipo sachedwa, ayi. Chotopetsa ndi masiteshoni. Pa Shinjuku pamadutsa anthu oposa 3 miliyoni tsiku lililonse, ndipo makomo otulukira alipo oposa 200. Munthu wopanda katundu amatsata chikwangwani n'kukwera masitepe. Inu okankha kangolo ka mwana muyenera kufunafuna chikepe, ndipo chikepecho nthawi zambiri chimakhala kumapeto kwenikweni kwa pulatifomu n'kukutulutsirani mbali ina ya msewu imene simumafuna. Ngakhale pa Tokyo Station, kuchoka pa masitima ena kukafika pa njanji ya Keiyo yopita ku Disney ndi mtunda wa mphindi khumi kapena kuposa wapansi, m'makonde a pansi pa nthaka. Pakati pa 7:30 ndi 9:30 m'mawa mkati mwa sabata musayerekeze n'komwe kukwera sitima ndi ana.

Mukasankha Tokyo, pezani malo ogona ku Ueno kapena ku Asakusa osati ku Shinjuku kapena ku Shibuya. Sitima ya Skyliner yochokera ku Narita imakafika ku Ueno m'mphindi zosapitirira 45 popanda kusintha, ndipo mutatha tsiku lathunthu muli m'ndege, kusasintha sitimako n'chinthu chachikulu. Ngati tikiti ikulolani kusankha, bwalo la ndege la Haneda lili pafupi ndi mzinda kuposa Narita, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60.

Osaka: kumene ine ndingakhale

Osaka si mzinda wokongola kwambiri. Ndi wa malonda ndi zakudya, waphokoso, ndipo anthu ake amadziwika m'Japan monse kuti ndi ochezeka ndi okonda nthabwala. Kwa kholo la mwana amene amalira mosasankha malo, zimenezi zimapepusa mtima.

Chimene chimandikopa ndi kapangidwe ka mzindawo. Muli anthu pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo malo akuluakulu ali pa njanji imodzi ya pansi pa nthaka, ya Midosuji: Shin-Osaka, pamene pamaima sitima yothamanga ya Shinkansen, kenako Umeda, Namba ndi Tennoji, zonse mondondozana. Mukapeza hotela pafupi ndi Namba kapena Tennoji, mapu a mzindawo amalowa m'mutu tsiku loyamba lomwelo. Umeda yokha ndiye njoipa. Misewu yake ya pansi pa nthaka imasocheretsa ngakhale eni mzinda, choncho musagoneko.

Kaiyukan, nyumba yoonetserako zamoyo za m'nyanja imene inatsegulidwa mu 1990 ku doko la Tempozan, inamangidwa ngati anaganizira kholo lotopa. Mumayamba mwakwera pamwamba, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono mozungulira thanki yaikulu yakuya mamita 9, mmene mumasambira whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko lapansi. Njira ndi imodzi, simungasochere, ndipo nsomba yomweyo mumaiona kuchokera pamwamba, pambali ndi pansi. Mukatuluka, pafupi pomwepo pali chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba ndi malo odyera. Tsiku latha bwino osakwera sitima kawiri.

Tsiku la mvula, pitani ku Kids Plaza Osaka pa siteshoni ya Ogimachi, nyumba ya ana kumene chilichonse n'chololedwa kugwira, kukwera ndi kutsetserekapo. Ku Tennoji kuli malo osungirako nyama amene anatsegulidwa mu 1915, ndipo pakhomo pake pali bwalo la kapinga lotchedwa Tenshiba pamene ana amathamanga inu mutakhala pansi. Osaka Castle ili ndi chikepe mkati, ngakhale kuti kuchoka pa siteshoni kukafika pakhomo pake ndi kamtunda ndithu.

Universal Studios Japan, imene inatsegulidwa mu 2001, ndi imene anthu ambiri amathamangira, makamaka chigawo cha Super Nintendo World chimene chinayamba mu 2021. Apa ndichenjeze. Zokwera zotchuka zambiri zili ndi muyezo wa kutalika kwa mwana, ndipo ogwira ntchito amayezadi, sanyengerereka. Muyezeni mwana kunyumba, muone pa tsamba lawo zimene angakwere, musanalipire. Kwa wa zaka zitatu kapena zinayi, Disneyland ya ku Tokyo imaposa. Kwa wa zaka zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo, Universal imayamba kukoma.

Koma mphamvu yeniyeni ya Osaka ili pa mizinda yoyandikana nayo. Kyoto ndi mphindi 30 pa sitima wamba yothamanga ya kampani ya njanji ya JR kuchokera pa Osaka Station. Nara ndi mphindi pafupifupi 40 pa sitima ya Kintetsu kuchokera ku Namba. Kobe ili pafupi kuposa pamenepo. Mizinda inayi, bedi limodzi.

Nara ndiyo ana sadzaiwala. M'paki yake mumayendayenda agwape oposa 1,000, omasuka, ndipo ena anaphunzira kuweramitsa mutu popempha timabisiketi totchedwa shika senbei timene timagulitsidwa pomwepo. Musampatse mwana wamng'ono mpukutu wonse m'manja. Agwapewo akaona chakudya amaunjikana, amakoka malaya, ena amaluma kapena kugunda, makamaka amphongo m'miyezi ya Sepitembala mpaka Novembala. Gwirani timabisiketito inuyo, muzimpatsa kamodzikamodzi, ndipo tikatha muonetse agwapewo zikhatho zopanda kanthu, amachoka okha. M'kachisi wa Todai-ji muli chifaniziro cha Buddha chotalika mamita 15, chimene chinaperekedwa mu 752, ndipo kuseri kwake kuli nsanamira yokhala ndi bowo limene amati n'lofanana ndi mphuno ya chifanizirocho. Ana amakwawira m'bowomo n'kutulukira mbali ina. Tsikirani pa Kintetsu Nara osati pa JR Nara, chifukwa ndiyo ili pafupi ndi paki.

Kyoto: kaoneni, koma musagoneko

Ndikudziwa kuti apa ena atsutsa. Kyoto inali likulu la mfumu ya Japan kuchokera mu 794 mpaka m'ma 1860, ndipo zithunzi zimene zimakopa anthu kupita ku Japan zambiri n'za kumeneko. Koma ndi mzinda wa anthu okhoza kuyenda mwakachetechete n'kumasirira munda wa miyala, ndipo mwana wa zaka zitatu sasirira miyala, amaitola.

Njanji za pansi pa nthaka ziliko ziwiri zokha, moti malo ambiri otchuka mumafikako pa basi. Mabasi ambiri mumakwerera khomo la kumbuyo n'kutsikira la kutsogolo mutalipira, kutanthauza kuti muyenera kudutsa basi yonse yodzaza, kangolo kopinda m'dzanja limodzi, mwana m'dzanja lina. Kokafikako n'kokwera. Njira ya ku kachisi wa Kiyomizu-dera ndi chitunda chodzaza anthu, ya ku kachisi wa Fushimi Inari ndi masitepe okhaokha mukangodutsa zipata zofiira zoyambirira, ndipo mabwalo a akachisi ambiri anathiramo timiyala timene matayala a kangolo amatitimira. Kukaona anyani ku Iwatayama, ku Arashiyama, ndi chikweza cha mphindi 20. M'chilimwe mzindawu umatentha koopsa chifukwa unazunguliridwa ndi mapiri.

Komabe Kyoto ili ndi tsiku limodzi labwino kwambiri la ana, ndipo silikhudza kachisi ayi. Kuchoka pa Kyoto Station, siteshoni yotsatira ya Umekoji-Kyotonishi ili pakhomo pa Kyoto Railway Museum, imene inatsegulidwa mu 2016. Muli masitima oposa 50, kuphatikizapo Shinkansen ya mtundu woyambirira umene unayamba kuyenda mu 1964, ndipo panja pali sitima yamalasha yeniyeni imene imanyamula alendo kaulendo ka mphindi khumi, utsi ndi kulira kwake komwe. Amatseka Lachitatu. M'paki yomweyo mulinso nyumba yoonetserako nsomba. Madzulo, ku Demachiyanagi kumene mitsinje iwiri imakumana n'kupanga Kamogawa, kuli miyala yowolokera ina yosemedwa ngati akamba, ndipo ana amadumphapo mpaka dzuwa kulowa, osalipira kalikonse. Onjezani kachisi mmodzi m'mawa kwambiri, anthu asanachuluke, n'kubwerera ku Osaka.

Palinso Fukuoka, kummwera kwa Japan pa chilumba cha Kyushu, mzinda wophweka kuposa yonseyi. Bwalo la ndege lili masiteshoni awiri okha kuchokera pa siteshoni yaikulu ya Hakata, kuli paki yaikulu ya Ohori yozungulira nyanja, ndi ya Uminonakamichi m'mbali mwa nyanja yamchere. Kwa banja limene likukhala kale ku Japan, monga a kwathu amene ali pa sukulu kumeneko, ndi malo abwino opumulirako. Kwa wochokera kutali amene mwina sadzapitanso, ndi maola pafupifupi asanu pa Shinkansen kuchokera ku Tokyo, ndipo sindingamulangize kuyambira kumeneko.

Mukafuna mizinda iwiri

Ngati muli ndi masiku khumi kapena kuposa, gawani pawiri basi, Tokyo ndi Osaka, ndipo gulani tikiti ya ndege yoterera mzinda umodzi n'kunyamukira winawo. Shinkansen yotchedwa Nozomi imatenga maola awiri ndi theka pakati pa mizindayi, pa mtengo wa ma yen pafupifupi 15,000 munthu wamkulu. Ana a zaka 6 mpaka 11 amalipira theka. Osakwana zaka 6 amakwera ulere ngati sakutenga mpando wawowawo wosungitsa, koma kufungata mwana wa zaka zinayi maola awiri ndi theka n'chilango, mugulireni mpando. Pochoka ku Tokyo pemphani mipando ya kumanja, ya chilembo E, kuti muone phiri la Fuji kukakhala kopanda mitambo.

Tikiti ya Japan Rail Pass, imene kale aliyense ankalangizidwa kugula, inakwera mu Okutobala 2023 kufika pa ma yen 50,000 ya masiku 7. Ulendo wa Tokyo ndi Osaka, ngakhale wopita ndi kubwerera, sufika pamenepo. Isiyeni. Gulani khadi la Suica kapena ICOCA lothiramo ndalama, logunditsa pachipata, limene limagwira ntchito m'masitima ndi m'mabasi a mizinda yonseyi.

Masutikesi musayende nawo. Ku Japan kuli ntchito yotumiza katundu yotchedwa takkyubin, ndipo kampani yodziwika kwambiri ndi Yamato, ya chizindikiro cha mphaka wakuda wonyamula kamwana kake. Mumasiya sutikesi polandirira alendo pa hotela, mawa lake mumakaipeza ku hotela ya mzinda winawo. Izi zimathandizanso chifukwa pa Shinkansen ya njirayi, katundu amene kutalika, kutambalala ndi kukhuthala kwake pamodzi zikuposa masentimita 160 amafuna kusungitsiratu malo apadera. Kangolo ka mwana sikawerengedwa pa lamuloli.

Chipinda chotani

Mahotela otsika mtengo a anthu a pa ntchito, monga Toyoko Inn ndi APA, ndi aukhondo koma zipinda zake n'zazing'ono moti sutikesi mumaitsegulira pabedi. Ambiri amalola mwana wamng'ono kugona ulere pabedi la makolo, zimene kwa ife si zachilendo. Ndi mwana mmodzi zimatheka. Ndi awiri mudzakangana pofika tsiku lachitatu.

Ryokan, nyumba ya alendo ya chikhalidwe cha ku Japan, ili ndi ubwino umodzi waukulu: mumagona pansi, pa matiresi oyala pa mphasa za tatami, ndiye palibe mwana wogwa pabedi. Koma amalipiritsa munthu aliyense payekha, chakudya chamadzulo chimabwera pa nthawi yoikika ndipo chimatenga nthawi, zitseko zina n'zapepala loti kachala kamodzi kaboola, ndiponso malo ambiri osambirako madzi otentha a gulu salola ana amene akadali pa matewera. Usiku umodzi ndi wokwanira kulawa.

Chimene chimagwira ntchito kwa sabata yathunthu ndi hotela ya zipinda zokhala ndi kakhitchini, monga za Mimaru zimene zili ku Tokyo, Osaka ndi Kyoto. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma mwana akadzuka ndi njala pakati pa usiku mumamuphikira phala, ndipo makina ochapira amakhala pafupi. Ufa wa phala la mwana wopakidwa m'fakitale mukhoza kunyamula, koma nyama ndi zipatso zosaphika saloleza kulowa nazo m'dzikomo.

Za chakudya musade nkhawa kwambiri. Mpunga uli paliponse. M'timasitolo ta 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, timene tambiri sititseka usiku, mumapeza onigiri, timibulu ta mpunga, komanso nthochi, mazira owiritsa ndi yogati. Malo odyera a mabanja monga Gusto ndi Saizeriya ali ndi mipando ya ana ndi zithunzi za zakudya zoti mungoloza. Udon, chakudya chonga supageti wonenepa, ndi nkhuku yokazinga ya karaage ana ambiri sakana. Takoyaki ya ku Osaka, chakudya chobulungira cha ufa chokhala ndi nyama ya octopus mkati, muiboole kaye iphwe nthunzi, chifukwa kunja imaoneka yozizira mkati muli moto. Matewera mukawafune m'masitolo a mankhwala monga Matsumoto Kiyoshi. M'masitolo akuluakulu a nsanjika mumakhala zipinda zoyamwitsira ndi zosinthira mwana, zina zokhala ndi madzi otentha opangira mkaka. Kuyamwitsa poyera monga timachitira kwathu sikofala kumeneko, ndiye zipindazi muzizigwiritsa ntchito.

Kangolo kapena chitenje? Tengani zonse ziwiri, koma kangolo kakhale kopepuka, kopinda ndi dzanja limodzi. Mayi wodziwa kubereka mwana kumsana amadutsa masitepe a Fushimi Inari ndi zipata za sitima anzake akadali pamzere wa chikepe. Abambo, gulani chonyamulira cha malamba, chifukwa msana umodzi sungathe masiku khumi.

Mwezi uti

Apa m'pamene kalendala ya sukulu imatilakwira. Tchuthi chachitali cha ku Malawi chimagwa mu Ogasiti, ngatinso cha ku Britain, ndipo Ogasiti ku Japan ndi mwezi woipitsitsa kwa ana: kutentha kofika madigiri 35, chinyontho choti thukuta siliuma, anamondwe, komanso pakati pa mweziwo nyengo ya Obon pamene dziko lonse lili pa ulendo. Ngati palibe kuchitira mwina, tulukani m'mawa, masana mukhale m'nyumba zozizira monga Kaiyukan ndi Kids Plaza. Juni mpaka pakati pa Julayi ndi dzinja lawo la mvula. Kuyambira pa 29 Epulo mpaka 5 Meyi ndi Golden Week, mahotela amadzaza ndipo mitengo imakwera. Maluwa a sakura amaphuka kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, nthawi imene imayandikana ndi tchuthi cha Isitala, koma walira mvula walira matope: aliyense amafuna kuwaona, ndipo Kyoto imachita kusefukira. Disembala kumazizira koma ku Tokyo ndi ku Osaka kumakhala kouma ndi kowala, kungoti malo ambiri amatseka kuyambira pa 29 Disembala mpaka 3 Januwale. Ngati ana anu sanayambe sukulu, muli ndi mwayi umene ena alibe: pitani pakati pa Meyi, kapena kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala.

Mankhwala a chimfine ndi chifuwa muwaonetsetse musanawalongedze, chifukwa Japan ili ndi malamulo okhwima pa ena okhala ndi pseudoephedrine kapena codeine. Gulani inshuwalansi ya pa ulendo ya banja lonse, popeza mlendo amalipira yekha kuchipatala, ndipo nambala ya ambulansi ndi 119. M'chikwama cha tsiku ndi tsiku muzikhala timajumbo tingapo. M'misewu ya ku Japan simupezeka mabini kawirikawiri, ndipo thewera logwiritsidwa ntchito mukhoza kuyenda nalo kuchokera ku Nara mpaka ku hotela.